Nkhuku ya lokolo mumaifuna, nanga galu wa lokolo analakwanji?

Abale anga a kuno kunyanja, ndi inu muli ku Zomba tauni, ku Limbe, ku Lilongwe mpaka ku Joni, lero sindilemba za mpunga kapena za mtengo wa feteleza ayi. Lero ndilemba za galu. Amene akuona kuti nkhani ya galu ndi yopepuka adutse, foni ndi yake, bandulo ndi yake. Koma ine zandikwana.

Pali mawu afala masiku ano akuti "galu wa lokolo". Munthu akamawanena amachita kukwinya mphuno ngati waponda zonyansa. Tsono ndifunse. Inu a m'tauni mukabwera kuno pa Khirisimasi mumafuna nkhuku yanji? Ya lokolo. Mumalipira ndalama zambiri kuposa ya chizungu ija yokula masabata 6, mukuti iyi ndiye ili ndi msuzi. Ufa mumafuna wa chimanga cha makolo, mukuti nsima yake imakoma ndipo sichifumbwa msanga. Mpunga mumanyamula wa kuno, matemba a ku Kachulu mumadzaza jumbo. Zonse za lokolo ndi zabwino mpaka tifike pa galu. Galu yekha ndiye akakhala wa lokolo wasanduka chinyalala. Nzeru zimenezi munazitenga kuti?

Tayambani mwamuyang'ana bwinobwino galu ameneyu, osati uja wa mphere wongogona pa msika, koma amene ali ndi mwini wake. Miyendo yaitali yowuma ngati nsungwi. Chifuwa chotsika pansi, mimba yolowa m'kati, m'chiuno mochepa. Kukamwa kosongoka, ubweya waufupi wosasunga matope, mchira wopindikira m'mwamba. Ena ofiirira ngati dothi la katondo, ena akuda, ena a mizeremizere. Inu mukaona mimba yolowayo mumati njala. Nthawi zina ndi njaladi, ndipo ndifika pamenepo, anthu a mudzi uno musasangalale msanga. Koma ngakhale mutamudyetsa bwanji galu wa mtundu umenewu sadzatupa ngati nkhumba, chifukwa thupi lake linapangidwa kuti lizithamanga. Chifuwa chachikulucho ndi cha mpweya. Chiuno chochepacho ndi choti miyendo yakumbuyo izifika kutsogolo akamatambasuka.

Amene munaona nyanja itauma mu 1995 mukudziwa zimene ndikunena. Kuyambira kuno mpaka ku Chisi kunali dothi long'aluka lokhalokha, anthu akuyenda pansi pamene timapalasa bwato. M'madambo a m'mbali mwake kalulu analibe pobisala. Ndiye mumuone galu wa atsibweni anga, malemu, atadzutsa kalulu pa mtetete. Samanunkhiza pansi ayi, amangodzutsa mutu, maso ali pa kalulu, basi wauyatsa. Kalulu akhota, iye akhota. Fumbi lokhalokha. Ife anyamata timangoima manja ali m'chiuno, kuthamangira kunali kungodzivuta. M'thengo lowirira galu yemweyo amagwiritsa mphuno ngati anzake, koma poyera amasaka ndi maso. Galu wotere kunja amamulemekeza kwambiri. Aluya ali naye wawo amati Saluki. Ku Mali ndi ku Niger, m'chipululu, ali naye wotchedwa Azawakh, woonda kuposa wathuyu, nthiti zikuchita kuwerengeka, koma palibe amamunena kuti chinyalala. Azungu ali ndi greyhound amene amathamanga pafupifupi makilomita 70 pa ola, mpaka amamuchitira mpikisano anthu nkumabetcha ndalama. Ku Egypt zithunzi za agalu a miyendo yaitali ndi mchira wopindika zili pa makoma a manda a mafumu akalekale.

Zimenezi sindinaziphunzire ku sukulu, ine sukulu inathera ku pulayimale. Ali ku Joni mphwanga, mwana wa achemwali anga, amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa kwa mzungu wina woweta agalu. Ndi iyeyo amanditumizira pa WhatsApp, zina amandiwerengera pa foni ndikumandimasulira. Tsiku lina anatumiza chithunzi, ine ndimati wajambula galu wa kuno. Iye akuti ayi atsibweni, uyu ndi wa ku KwaZulu-Natal, ndipo kuno ali ndi dzina, amati Africanis. Kuli mkulu wina, Johan Gallant, anayenda m'midzi ya kumeneko zaka zambiri kuona agalu a anthu akuda, ndipo mu 1998 anakhazikitsa ndi anzake bungwe la Africanis Society loteteza galu ameneyu. Analembanso buku lonse la nkhani ya galu wa mu Africa. Ofukula zakale anapeza mafupa a galu kufupi ndi malire a South Africa ndi Botswana a chaka cha 570, ndiye kuti zaka zoposa 1,400 zapitazo. Akuti agalu amenewo anatsika kuchokera kumpoto pamodzi ndi makolo athu, aja anabwera ndi chitsulo, mapira ndi mbuzi. Nanga kuti akafike kumeneko anadutsa kuti? Anauluka? Njira yake ndi ino.

Ndiye kuti galu mukumuponya mwalayu anafika m'dziko muno chimanga chisanafike, fodya asanafike, mzungu asanafike, tchalitchi ndi mzikiti zisanamangidwe. Palibe anamusankhira mkazi, palibe anamulembera pepala. Anamusefa ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala, nkhupakupa, njala ndi afisi. Wofooka anafa kalekale. Amene watsala pakhomo panuyo ndi mbewu yosankhika.

Ndipo tamverani izi zimene zimandiwawa kwambiri. Galu uja amati Rhodesian Ridgeback, wa mzere pamsana, amene mabwana a ku Namiwawa ndi ku Area 10 amamugula ndi ndalama yoti ine ndingagulire mbuzi khola lonse, magazi ake ena ndi a galu wa anthu akuda. Azungu anatenga galu wa Akhoikhoi wa mzere pamsana, nkumukweretsa ndi agalu awo ochokera ku Ulaya chifukwa awowo amalephera kutentha ndi matenda a kuno. Mu 1922 anakhala pansi ku Bulawayo nkulemba kuti galu ameneyu azioneka chonchi, nkumupatsa dzina. Basi. Anatenga chathu, anachiveka dzina, lero tikuchigula modula ndipo tikuchitcha "galu weniweni".

Tsopano inu abale a m'tauni, ndikupempheni chinthu chimodzi. Lekani kutitayira agalu anu kuno. Zimachitika chonchi, ndipo aliyense pa mudzi uno akudziwa kuti sindikunama. Munthu wagula kamwana ka galu m'mbali mwa msewu, wogulitsa wamunamiza kuti ndi German Shepherd kapena boerboel. Kakula, kayamba kudya kuposa ana awiri, landilodi wakwiya, mayi a kunyumba atopa kukolopa. Ndiye mwaganiza zotani? "Tikamusiye kumudzi, kuli malo." Mwafika naye pa galimoto, mwajambulitsa, mwauza agogo kuti galu uyu sadya mkute, amafuna zogula m'sitolo. Mwapita. Thumba la chakudya lija latha pa masabata awiri, foni yanu yayamba kusapezeka.

Galu wa ubweya wambiri kuno kuchigwa, kumene ngakhale ife obadwira kuno timagona panja mwezi wa Novembala. Nkhupakupa zimalowa mu ubweyamo osaoneka, pofika poti muzindikire nkhama zayera, mkodzo wafiira, galu wangoti lephethe pansi pa nkhokwe. Ambiri sawona mvula yachiwiri. Chikomekome cha mkuyu. Koma asanafe amakhala atakwera kale agalu aakazi a mudzi wonse, chifukwa anthu akuno nawonso amachita kupita nawo dala, akuti tipezeko mbewu yachizungu. Ana obadwawo ndiye tsoka. Thupi lolemera, kupuma mwawefuwefu, kuthamanga sangathe, kudya ngati dzombe, ukali wopanda nzeru woluma ndi mwana wa pakhomo yemwe. Kalulu angamugwire? Ngakhale bakha amamusiya m'mbuyo. Pano kuti mupeze galu wa miyendo ija ya kale mpaka mufunse, mwina cha ku Mpyupyu, mwina ku Chisi kumene galimoto sizifika. Zimene njala ya 2002 inalephera kutha, tikuzitha tokha ndi manyazi ofuna kuoneka otsogola.

Alamu anga ena anandiyankha pa nkhani imeneyi kuti koma galu wachizungu amaopseza akuba. Chabwino. Wakuba wa kuno saopa kukula kwa galu, amaopa phokoso. Ntchito ya galu usiku ndi kundidzutsa ine, zotsalazo ndi za ine ndi anansi anga. Galu wachikuda tulo take ndi tapamwamba, vumbwe angoyandikira khola la nkhuku iye wamva kale. Usiku wa namondwe Freddy mu Malichi 2023 madzi atayamba kusefukira kuchokera ku Likangala, pakhomo panga anayamba kudziwa ndi galu wanga wamkazi, Nenani. Anauwa mosiyana ndi masiku onse, akukanda chitseko. Galu wamkota sakandira pachabe. Tinatulutsa ana ndi matumba awiri madzi asanafike m'mawondo. Sindikuti ndi mngelo, mazira amaba akapeza mpata. Koma usiku umenewo anagwira ntchito imene wailesi ndi foni sizinagwire, netiweki inali itapita.

Tsopano nditembenukire kwa ife eni mudzi, chifukwa a m'tauni akapita galu amatsala m'manja mwathu, ndipo zimene timamuchita ndi zochititsa manyazi.

Choyamba ndi bodza lija lakuti galu wanjala ndiye amasaka bwino. Analiyambitsa ndani kaya, koma ndikuganiza anali munthu woumira amene amafuna chifukwa. Inu mungapite kukalima mizere 50 musanadye masiku awiri? Galu wanjala sasaka, amaba. Ndi yemweyo amakwera pa thandala la matemba ku doko, ndi yemweyo amafukula mbatata za eni ake, amadya anapiye, amatsata ana kuchimbudzi. Kenako timati agalu a lokolo ndi akuba. Mbava mwaipanga ndinu.

Mudzati tilibe chakudya cha ana, tidyetse galu? Funso limeneli ndi loona, sindiliseka. Chaka cha 2024 mvula inatithawa, tonse tinaona. Koma galu wathuyu safuna nyama ya m'sitolo. Ife tili m'mbali mwa nyanja. Mitu ya mlamba, matumbo a makumba, fumbi la matemba lotsalira pansi pa dengu limene amayi amataya, madeya a kuchigayo. Wiritsani madeya, thiranimo zimenezo, basi galu wadya. Mungosamala minga ya mlamba ija yolimba ya m'mbali, muzichotsa, imabaya pakhosi. Kamodzi pa tsiku madzulo, wamkazi woyamwitsa kawiri. Ndi madzi. Ichi ndiye anthu sitiganiza nkomwe, timati galu adzipezera yekha, pamene chithaphwi chapafupi chili pa mtunda wa ola lathunthu m'chilimwe. Chigubu chodula pakati, pamthunzi, tsiku lililonse. Ngati zimenezi simungathe, musatenge galu. Palibe lamulo loti pakhomo paliponse pakhale galu. Ndipo musasunge asanu pamene mphamvu zanu ndi za mmodzi.

Kwinaku anyamata akumudyetsa chamba ndi tsabola kuti akhale wolusa. Ena kumudula makutu ndi mchira ndi chikwanje. Ena kumumanga ndi waya pa mtengo wopanda mthunzi tsiku lonse mpaka khosi kuchita bala. Akadwala kumumwetsa mapilitsi a anthu, kapena kumusambitsa ndi mankhwala opopera thonje kuti nkhupakupa zife, galu nkuyamba kunjenjemera thovu lili kukamwa, kenako akuti wapenga, muphe. Sanapenge, mwamuthira poizoni. Alangizi a ziweto alipo, mankhwala enieni a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba amapezeka ku Zomba. Nkhupakupa zinazo mutha kuzichotsa ndi manja madzulo mukucheza, m'makutu ndi pakati pa zala, nkuziponya pamoto.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi ichi. Mwamva nonse kuti sabata yatha galu wachilendo anadutsa m'mudzi nkuluma mwana pa mjigo. Sinditchula dzina la mwanayo kapena makolo ake, iwo ali ndi nkhawa zokwanira. Anathamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo akulandira jakisoni, anachita bwino kwambiri. Galuyo anaphedwa ndi anyamata kuseri kwa dambo, palibe akudziwa mwini wake. Tsopano kwabuka mawu akuti Loweruka pa bwalo la amfumu tikagwirizane zothira tameki m'mudzi monse, agalu onse athe, tiyambirenso.

Ine ndikukana, ndipo ndikana ndili chiimire.

Musandiyese wopanda chisoni. Chiwewe ndikuchidziwa. Ndili mnyamata ndinaona munthu wamkulu, msodzi wamphamvu zake, atamangidwa pa mphasa akuopa kapu ya madzi. Amene anaonapo zimenezo saseka za chiwewe. Matenda amenewa akangoonekera palibe mankhwala, kaya ku Zomba Central, kaya ku Queens, kaya kwa sing'anga. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu 10 alionse 4 ndi ana osafika zaka 15. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Ndiye mantha a makolo ndi oona. Mdzukulu wanga amatunga pa mjigo womwewo.

Koma tameki sathetsa chiwewe. Taganizani bwino. Nyama ya poizoni mukaiponya usiku adye ndani? Adya galu wa pakhomo, wozolowera kulandira chakudya kwa anthu, amene mwina anabayidwa kale katemera. Galu wopenga uja nthawi zambiri sadya, amangoyenda nkumaluma. Ndiye mwapha alonda, mwasiya chigawenga. Mudzi ukakhala wopanda agalu, zinyalala za pa msika ndi za pa doko zilipobe, agalu a midzi ina amabwera kudzadya, opanda mwini, opanda katemera, ndipo palibe wowathamangitsa. Ikatha miyezi itatu akuba atiyeretsa mbuzi, aliyense ayamba kufuna kagalu, tikatenga kulikonse, tosabayitsa. Tabwerera pomwe tinali, koma moipirapo. Galu wobayidwa ali ngati mpanda. Wachiwewe akamuluma matenda amathera pomwepo, sapitirira kwa mwana wanu. Akatswiri amati mukabaya agalu 7 mwa 10 alionse, chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsa nkuzima chokha ngati moto wofika pa mphanje.

Ndipo zinachitika pafupi pompa, si nkhani ya ku Ulaya. Ku Blantyre madokotala a pa Queens anadandaula kuti ana akufa ndi chiwewe achuluka. Mu 2015 a Mission Rabies pamodzi ndi a boma a za ziweto anabaya agalu oposa 35,000 mu mzindawo, mwaulere, ndipo anapitiriza chaka chilichonse, kenako anafika ku Chiradzulu ndi kuno ku Zomba. Ana ofika ku Queens ndi chiwewe anachepa kwambiri. Sanathire tameki ku Ndirande kapena ku Bangwe. Anabaya.

Nanga ife obaya akabwera timatani? Apa ndiye pali nkhani. Amalengeza pa chimkuzamawu, amauza ana ku sukulu, amakhala pansi pa mtengo tsiku lonse ndi bokosi lawo la katemera. Amapita ndi agalu ndi ana ang'onoang'ono, atawamanga ndi luzi. Akuluakulu, makamaka inu osaka, mumatenga agalu anu m'mamawa nkukawabisa kudimba. Mukuti jakisoni amafooketsa galu, sathamanganso. Ena mukuti amatseka kubereka, ndi njira ya azungu yothera agalu athu. Nenani wanga wabayidwa chaka chilichonse chibadwire, mapepala ake ali m'chikwama limodzi ndi a kuchipatala a ana. Waswa katatu. Amene akuti anafooka abwere ndi galu wake wosabayitsayo ku dambo tikaone adzatsale ndani. Ndipo chodabwitsa, ena mwa amene akufuula kwambiri za tameki lero ndi omwewo anabisa agalu ulendo watha. Ndikuwadziwa, iwonso akudziwa kuti ndikuwadziwa.

Tameki yemweyo simukumudziwa kodi? Ku Joni amamutcha two-step, akuti ukadya umayenda mapazi awiri basi. Sasankha. Galu akasanza, nkhuku zitola, abakha atola. Khwangwala anyamula nyamayo nkukaigwetsa pakhomo pa wina. Mwana wokwawa amaika chilichonse m'kamwa. Mvula ikagwa zonsezo zitsikira kuti, si m'zitsime ndi m'dambo momwe tikupha matemba? Mukufuna kuteteza mwana mmodzi pomwaza imfa pabwalo pamene ana 100 amasewera. Ndipo mitembo ya agalu adzakwirire ndani? Tikudziwana, idzangowolera m'makwalala.

Poti nkhani yafika apa ndinene zimene aliyense ayenera kudziwa, ngakhale amene amadana ndi agalu. Galu akaluma munthu, kapena kungokanda mpaka magazi, musathire mchere, musathire mafuta a galimoto, musawotche ubweya wa galuyo nkupaka pa bala monga amachitira akale. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri othira mosalekeza kwa mphindi 15, yang'anani pa foni, ndi nthawi yaitali kuposa mmene mukuganizira. Kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo jakisoni mumalize onse ngakhale bala litapola, chifukwa chiwewe chimatha kubisala m'thupi miyezi iwiri, itatu, nthawi zina kuposa. Ngati galuyo ali ndi mwini musamuphe msanga, mumangeni pamthunzi masiku 10 mukumupatsa chakudya, alangizi amuone. Akakhala bwinobwino masiku onsewo mtima ukhale pansi. Ndipo auzeni ana kuti galu akamadya, akamayamwitsa kapena akagona asamuyandikire, asamugende. Ana athu ambiri amalumidwa chifukwa anaphunzira kwa ife kuti galu ndi chinthu choponyera miyala.

Wina adzati nanga agalu osakawo si amene anatha nyama kuno? Anatha nyama ndi moto wa m'tchire, misampha ya waya ndi makasu athu amene analima mpaka m'mphepete mwa madzi. Gwape akhale pati pamene paliponse pali mzere? Ine sindikuuza munthu kuti atenge agalu apite ku Liwonde, kumeneko mukamangidwa, lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017 ndipo zaka zake ndi zoti mudzatuluka ndi imvi. Uzimba wa makolo uja unapita, sudzabweranso. Koma ntchito ya galu sinathe. Ntchenzi zikudya mpunga ndi nzimbe. Apusi ndi anyani akuthyola chimanga kwa amene ali pafupi ndi phiri. Makoswe ali m'nkhokwe. Mayi wopita yekha kudimba m'bandakucha amayenda mtima uli m'malo galu akakhala patsogolo. Mbuzi zikubedwa usiku nkukwezedwa pa njinga yamoto. Pa zonsezi ndani angapose galu wopepuka, wosatopa, wodziwa fungo la aliyense wa pamudzi?

Makolo athu amamudziwa galu ameneyu, nchifukwa chake amamupatsa maina olankhula. Mayi akakangana ndi mkazi mnzake samapita kukatukwana, amangotcha galu wake Mulibechisoni nkumamuitana mokweza madzulo aliwonse, uthenga wafika. Kunali a Lekani, a Zilikwanu, a Adzatopa. Galu anali m'kati mwa nkhani za mudzi. Pano onse ndi a Bruno ndi a Tiger, ndipo Tiger wakeyo akugona pa phulusa nthiti zili pamtunda, mwini wake sakudziwa kuti anadya liti.

Agalu akachuluka njira ilipo yosakhala poizoni. Wamkazi amafuna amuna kawiri pa chaka, masiku amenewo mutsekereni, bere lake ndi miyezi iwiri yokha. Amuna osafunika mbewu athenedwe ndi odziwa, osati ndi mpira wa njinga. Ana a galu asachoke kwa make asanakwane miyezi iwiri, amene mumawatenga maso atangotseguka aja ndi omwe amafa ndi kutsegula m'mimba kwa magazi. Ndipo musakawataye kudambo ali moyo m'thumba, opulumukawo ndi amene amasanduka agalu opanda mwini, oluma ana pa mjigo.

Loweruka ndidzapempha amfumu zinthu izi. Tilembe agalu onse a m'mudzi, khomo ndi khomo, aliyense ndi mwini wake, monga tinalembera mabanja nthawi ya makuponi. Titume anthu awiri kwa alangizi a ziweto akapemphe tsiku la katemera, tisadikire mpaka 28 Sepitembala pamene dziko lonse limakumbukira chiwewe. Ngati pafunika mafuta a njinga yamoto tisonkhe, ine ndiyamba. Amene adzabise galu tsiku limenelo alipe nkhuku kwa amfumu, ndipo galu wake akadzaluma munthu thiransipoti ya kuchipatala idzakhale yake. Galu wachilendo wochita zachilendo, wotuluka dovu, woluma mitengo, ameneyo aphedwe msanga ndipo alangizi auzidwe, pamenepo sinditsutsa. Koma wothira tameki m'mudzi atengedwe ngati wothira poizoni pa chitsime.

Inu a m'tauni amene mumatumiza ndalama za maliro mwachangu, tumizaniko ya mafuta a njingayo, nambala ya mlembi wa amfumu mukuidziwa. Ndipo achimwene amene munalonjeza kubweretsa pitbull mwezi wa mawa kuti "tisinthe mbewu", ndakumvani, zikomo, koma mumusunge konko. Nenani ali ndi bere la galu wa ku Chisi, wofiira, wa miyendo ngati gwape, ndinachita kukwera naye bwato kupita ndi kubwera. Ana akabadwa sindigulitsa. Ndidzapereka kwa amene ndaona ndi maso anga chigubu cha madzi pakhomo pake ndi pepala la katemera la galu amene ali naye kale. Atatu alembetsa, ndipo mmodzi ndamukana ngakhale ndi mbale wanga.